Mwana ajambulidwe ali pa nchito

Caka ciliconse, ophunzira uphunzitsi akabwerako koyesera kuphunzitsa, ndimawapempha kuti andionetse zithunzi zimene adatola kusukulu kumene adatumizidwa. Mafoni amakhala ambiri, koma cithunzi cimakhala ngati cimodzi comweco. Ana afola mizere itatu patsogolo pa cipupa, aafupi kutsogolo, aatali kumbuyo, manja ali m'mbali, maso atatsinzinira dzuwa. Mphunzitsi waima pambali buku lili m'manja. Kaya cidatoledwa ku Tsangano, kaya ku Metangula, kaya ku Milange, simungasiyanitse. Ndikafunsa kuti, "Kodi ana awa adaphunzira ciyani tsiku limeneli?" mwini foni amayamba kufotokoza ndi pakamwa, pakuti cithunzico sicinena kanthu za phunziro.

Maganizo anga ndi akuti mphunzitsi wa zilankhulo ziwiri ayenera kudziwa kujambula ana ali pa nchito yawo m'magulu, osawafoletsa ndiponso osawalamula kumwetulira. Luso limeneli liyenera kuyesedwa pano pa sukulu ya uphunzitsi, monga momwe timayesera kulemba pa bolodi kapena kukonza dongosolo la phunziro. Ndikudziwa kuti ena mwa inu muona ngati ndikuonjezera mtolo pa mutu wolemedwa kale. Ndiloleni ndifotokoze phindu lake, kenaka ndifotokozenso ngozi zake, pakuti pa nkhani imeneyi inenso ndidalakwapo.

Zipupa zathu zili ndi njala

Cinyanja cili ndi mbiri yake m'maphunziro a dziko lino. Pamene boma lidayesa koyamba kuphunzitsa ana m'zilankhulo ziwiri, kuyambira 1993 mpaka 1997, pa nchito yochedwa PEBIMO, zilankhulo zimene zidasankhidwa zidali Xichangana ku Gaza ndi Cinyanja ku Tete. Mu 2003 maphunziro a mtundu umenewu adalowa m'sukulu zina za boma, ndipo lamulo la maphunziro nambala 18/2018 lidawatsimikizira malo awo ku pulayimale. Ndime 9 ya Malamulo Oyendetsera Dziko imanena kuti boma limalemekeza zilankhulo zathu monga cuma ca cikhalidwe ndi ca maphunziro. Kalembedwe nako kadakambidwa pa misonkhano ya akatswiri ya 1988, 1999 ndi 2008, ndipo n'cifukwa cake ife timalemba "cithunzi" pamene abale athu a ku Malawi amalemba "chithunzi".

Tsono malamulo alipo, kalembedwe kalipo. Cimene ndimacisowa ndikalowa m'makalasi ambiri amene ndawayendera ndi zinthu zoti mwana aone ndi maso. Pa cipupa pamakhala kalendala yakale ya sitolo, kapena pepala lodulidwa m'magazini loonetsa banja likudya pa thebulo lagalasi mu mzinda umene mwanayo sadzaufika msanga. Pena cipupa cimakhala mbee. Komatu m'makalasi oyamba phunziro la cilankhulo limayambira pa kulankhula. Mwana wa zaka 6 amafika pa sukulu atasenza mawu ambirimbiri a kwawo, ndipo nchito yathu yoyamba ndi kumasula lilime lake kuti mawuwo atuluke, kenaka timuonetse kuti zimene walankhulazo zingathe kulembedwa ndi kuwerengedwa. Palibe cimene cimamasula lilime la mwana msanga kuposa cinthu cimene akucidziwa.

Maganizo amenewa sadayambe ndi ine. Paulo Freire, mphunzitsi wa ku Brazil amene ambiri tidamuwerenga ku yunivesite, pophunzitsa anthu akuluakulu kuwerenga ku Angicos mu 1963 ankayamba ndi zithunzi zoonetsa moyo wa ophunzirawo. Ankakambirana kaye zimene akuona, kenaka n'kutenga mawu ocokera m'moyo womwewo ndi kuwagawa m'maphatikizo. Iye ankafunika makina oonetsera zithunzi pa cipupa. Inu muli ndi kamera m'thumba, ndipo ophunzira anu muli nawo tsiku ndi tsiku.

Cithunzi ca mzere cili ndi mneni mmodzi

Wina angafunse kuti, ngati cofunika n'cakuti ana adzione okha, nanga cithunzi ca mzere cija calakwa ciyani? Yesani zimene ine ndidayesa ndi kalasi yaciwiri pa sukulu ina. Ndidawaonetsa cithunzi cawo atafola, n'kuwafunsa kuti, "Mukuona ciyani?" Adayamba kuchula mayina a anzawo, uyu ndi uje, uyu ndi ujeni, ndipo mayina atatha nkhani idathera pomwepo. Nditaumiriza kuti andiuze zimene anawo akucita, mtsikana wina adati, "Aima." Mnyamata wina adaonjeza kuti, "Angoti njo!" Kalasi yonse idaseka, koma panalibenso cina conena.

Tsiku lotsatira ndidawaonetsa cithunzi ca ana anayi a m'kalasi yomweyo atakhala pansi mozungulira mulu wa cimanga cotongola. Mmodzi ankawerenga njere, wina ankalemba pa kope atalisanjika pa bondo, wacitatu adatambasula dzanja ngati akutsutsa, wacinayi adali kuyang'ana kumbali cala cili pakamwa. Sindidafunike kuumiriza munthu. "Akuwerenga." "Ayi, akugawa." "Uyu akukana, akuti walakwitsa." "Uyu akuganiza." "Sakuganiza ameneyo, akufuna kudya cimangaco!" Padabuka mtsutso woti kodi njerezo zidalipo zingati, ndipo ena adadzuka kukaziwerenga pa pepalapo. Aneni amene ndidalemba pa bolodi m'mphindi zocepa adadzaza mzere wonse: kuwerenga, kugawa, kulemba, kukana, kuloza, kuganiza, kubisa, kuseka. Padatulukanso mivekero imene buku silikadatipatsa, monga "ali zyoli" ndi "maso ali tong'o".

Apa ndi pamene pagona mfundo yanga. Cilankhulo cathu cimanyamula zambiri mu mneni. M'mawu amodzi oti "akumuwerengera" muli wocita, nthawi, wocitiridwa ndi nchito yomwe. Mwana amene tikufuna kuti adzawerenge mawu aatali otere ayenera kuwamva ndi kuwanena kaye pa cinthu cimene cikucitikadi. Cithunzi ca ana ali pa nchito cimabala ziganizo, cimabala mafunso oti "cifukwa ciyani" ndi "kenaka cidacitika n'ciyani", ndipo mafunso amenewa ndiwo maziko a kumvetsa nkhani yolembedwa.

Palinso phindu lina losaonekera msanga. Ana athu ambiri adazolowera kuti munthu wa m'buku amakhala wa kwina, wovala zina, wolankhula Cipwitikizi. Mwana akaona nkhope yake pa cipupa ca kalasi, pansi pake patalembedwa ciganizo ca Cinyanja cimene iye mwini adanena, amazindikira kuti kulemba kumamukhudza iyenso ndi anthu a kwawo. Makolo amene amakayikira maphunziro a zilankhulo ziwiri, oganiza kuti m'kalasi ya Cinyanja ana amangoimba nyimbo, akaona mwana wawo pacithunzi atakunga nkhope pa masamu, amakhala ndi umboni umene mawu athu pa msonkhano sakadawapatsa.

Kulakwa kwanga

Ndisadafotokoze kajambulidwe, ndiyenera kuulula zimene ndidacita nditangoyamba nchito yophunzitsa aphunzitsi. Ndidapita kukayendera wophunzira wanga pa sukulu ina ya kumudzi, kumene kalasi yoyamba inkaphunzirira pansi pa mtengo. Mnyamata wina adali atagwada, akulemba malembo pa mcenga ndi cala, lilime lili panja cifukwa ca khama. Malaya ake adali ong'ambika pa phewa. Ndidatulutsa foni n'kumujambula osafunsa aliyense. Cithunzico cidatuluka bwino kwambiri, ndipo ndidakacionetsa pa msonkhano wina mu mzinda. Munthu wina adacipempha, ine n'kumutumizira pa WhatsApp. Patapita masabata angapo cidapezeka pa Facebook, pansi pake patalembedwa mawu odandaula za umphawi wa ana a kumudzi.

Nditabwereranso pa sukulu ija, aphunzitsi aakulu adandiitanira mu ofesi. Mudali mayi wina atakhala pa benci, manja ali pa miyendo. Titapatsana moni, adati, "Aphunzitsi, mwana wanga ali nawo malaya abwino. Tsiku lija ndidawacapa, adali asadaume. Mukadandiuza kuti mudzamujambula, ndikadamuveka ena. Tsopano abale a bambo ake amene ali m'tauni akuti ine sindisamala mwana." Sadakweze mawu. Ine ndidangoti, "Pepani mayi, ndidalakwa." Adandifunsa ngati ndingathe kucicotsa cithunzico kumene cidafika. Ndidafufuta m'foni mwanga iwo akuona, ndidapempha amene ndidamutumizira uja kuti nayenso afufute, koma kumene cidamwazikira sindikadathanso kukufika. Ndidawauza zoona zimenezi, ndipo adangogwedeza mutu n'kutsazika.

Ine ndidaona khama la mwana. Anthu a pa intaneti adaona usiwa, ndipo manyazi adagwera mayi amene sadafunsidwe. Akuluakulu adati safunsa adadya phula, koma pa nkhani iyi wosafunsa ndidali ine, phula adadya wina.

Kucokera tsiku limenelo ndimaphunzitsa kuti cithunzi cosafoletsa ana sicitanthauza cithunzi cakuba. Mwana angathe kuiwala kamera panthawi imene mukujambula, koma iye ndi makolo ake ayenera kukhala atadziwa kale kuti kamerayo ilipo, cifukwa cake, ndi kumene zithunzizo zidzathere. Uku si kukoma mtima kwathu cabe. Ndime 41 ya Malamulo Oyendetsera Dziko imateteza ulemu wa munthu, mbiri yake, maonekedwe ake pagulu ndi moyo wake wamseri. Ndime 47 imati pa ciliconse cokhudza ana tiziyamba taganizira ubwino wa mwanayo. Tilinso ndi lamulo nambala 7/2008 loteteza ufulu wa ana, komanso pangano la maiko onse la 1989 lonena za ufulu wa mwana, limene dziko lathu lidalivomereza.

Conco musadajambule, yambani ndi aphunzitsi aakulu, ndipo iwo akatengere nkhaniyo ku bungwe la sukulu lija timalicha Conselho de Escola, mmene muli makolo ndi atsogoleri a m'mudzi. Pa msonkhano wa makolo fotokozani m'Cinyanja comveka, muwaonetse citsanzo ca cithunzi cosindikizidwa, muwauze sabata imene mudzajambule kuti wofuna kucapa acape. Lembani mayina a ovomera ndi a okana. Kholo likakana musalifunse zifukwa, pakuti ena ali ndi mantha ocokera ku zikhulupiriro zawo, ena ali ndi nkhani za m'banja zimene sangakuuzeni. Mwana nayenso afunsidwe, ndipo akabisa nkhope, tsitsani foni. Musajambule mwana akulira, akudwala, akugona, akudzudzulidwa kapena asadavale bwino. Zimitsani mbali ya foni imene imasunga malo amene cithunzi catoledwa. Zithunzi zisapite pa Facebook kapena m'magulu a WhatsApp, ngakhale gulu la aphunzitsi anzanu. Mukasindikiza, fufutani m'foni, cifukwa foni imabwerekedwa, imabedwa, imapita kwa okonza.

Pali ana ena amene cithunzi cingawaike pa ngozi ya moyo. Tonse tikudziwa kuti m'zaka zapitazi anthu acialubino akhala akubedwa ndi kuphedwa kuno kwathu ndi ku Malawi. Cithunzi ca mwana wacialubino cimene cikuonetsa dzina la sukulu kumbuyo kwake, cikatuluka kunja, cingasanduke cikwangwani colozera anthu oipa njira. Mwana wotere asasalidwe pa zithunzi za m'kalasi ngati makolo ake avomera, koma cithunzi cake cisatuluke pakhomo la kalasiyo.

Dziko lathu lili ndi mbiri ya ojambula odziwika. Ricardo Rangel, amene adabadwa mu 1924 n'kumwalira mu 2009, adajambula m'zaka zomaliza za utsamunda mnyamata woweta ng'ombe amene bwana wake adamuocha pamphumi ndi citsulo cosindikizira ziweto. Cithunzi cimeneco ndi umboni wa nkhanza, ndipo iye monga mtolankhani adali ndi cifukwa coonetsera bala la mwanayo ku dziko. Nchito yathu ndi ina. Cithunzi cathu cidzapacikidwa m'cipinda cimene mwanayo amakhalamo tsiku lililonse pakati pa anzake odziwa kuseka. Muyeso wake ukhale uwu: kodi mwanayu adzakondwa kuciona pa cipupa mpaka kutha kwa caka? Ngati mukukayika, fufutani.

Kuyesera m'magulu a anthu atatu

Kujambula kotere sikubwera kokha. Munthu wosazolowera amaimirira pakhomo, n'kuloza foni m'kalasi monse, ndipo amatulutsa mitu yambiri yakuda pansi pa zenera lowala. N'cifukwa cake ndimafuna kuti muyambe kuyesera pano, pa inu nokha, musadafike kwa ana.

Gawanani atatuatatu. Mmodzi aphunzitse kagulu ka anzake phunziro lalifupi, waciwiri ajambule, wacitatu akhale pambali akulemba zimene wojambulayo akucita: waima pati, wasokoneza phunziro kangati, wajambula yani, wasiya yani. Kenaka sinthanani mpaka aliyense atalawa mbali zonse zitatu. Kujambulidwa kumaphunzitsa zambiri. Amene waona nkhope yake itagwidwa pakamwa pali yasa, anzake n'kumaseka, sadzafulumira kupacika cithunzi cotero ca mwana. Wojambula asapitirire zithunzi 10 pa phunziro limodzi, ndipo pomaliza asankhepo ziwiri zokha n'kufotokozera gulu cifukwa cimene wazisankhira. Malire amenewa amaphunzitsa diso kudikira.

Coyamba kuciyang'ana ndi kuwala. M'kalasi, kuwala kwabwino ndi kumene kukulowera pa zenera kapena pakhomo n'kugwera pa nkhope ca m'mbali. Inu imani zenera lili kumbuyo kwanu kapena pambali panu. Mukaloza foni ku zenera, kamera imayesa kuwala kwa panjako n'kudetsa zonse za m'kati. Panja, pewani dzuwa la pamutu, limene limaika mithunzi m'maso ndi kutsinzinitsa ana. Pansi pa mtengo wa masamba apatalipatali nkhope zimatuluka mawangamawanga. Funani mthunzi wokhazikika, monga wa mtengo wa mango kapena wa khonde, ndipo ana akhale ca kumphepete kwake atayang'ana kumene kukucokera kuwala. Fulashi izimitsidwe, pakuti imadzidzimutsa ana ndi kuwalitsa zipumi.

Caciwiri ndi khungu lathu. Kwa zaka zambiri mafilimu a zithunzi zamitundu ankayesedwa pa khungu loyera. Kampani ya Kodak inkatumiza kwa otsuka zithunzi khadi la mzimayi wacizungu loti aziyezera mitundu, ndipo nkhope zakuda zinkatuluka zopanda tsatanetsatane. Makamera a lero adasintha, komabe foni ikaona cipupa ca laimu kapena malaya owala imathamangira kucepetsa kuwala, nkhope n'kumira. Mankhwala ake ndi apafupi: gusani ndi cala pa nkhope ya mwana pa galasi la foni musadajambule, kuti kamera iyese kuwala pa nkhopeyo, ndipo ngati ikadali yakuda kwezani kuwala pang'ono. Pukutaninso diso la kamera ndi nsalu yofewa, cifukwa fumbi la coko ndi thukuta la m'thumba zimacititsa cithunzi kuoneka ngati ca m'nkhungu.

Cacitatu ndi msinkhu. Munthu wamkulu akajambula ataimirira amatola mitu ya ana ndi dothi, ndipo mwana amaoneka wocepa ndi wopempha. Gwadani kapena khalani pansi kuti kamera ifanane ndi maso awo. Pamenepo mudzaona zimene iwo akuona: manja, njere, kope, nkhope ya mnzake. Musakokere cithunzi pafupi ndi zala pa galasi, cifukwa pa mafoni ambiri kutero kumangocepetsa ubwino wake. Senderani ndi miyendo. M'cipinda ca mdima foni imacedwa kutola, conco tsamiritsani zigongono pa nthiti kapena pa bondo, ndipo dikirani kamphindi kamene dzanja la mwana laima. Yang'ananinso kumbuyo kwa anawo, kuti musatolere pamodzi dzina la sukulu, khomo la cimbudzi kapena mwana amene makolo ake adakana.

Cacinayi, cimene cili covuta kuposa zonse, ndi kudekha. Tsiku loyamba ana adzathamangira kamera, adzaimika zala ziwiri, adzakankhana. Musakalipe. Ajambuleni cimodzi cotero, muwaonetse, aseke, kenaka apatseni nchito yeniyeni yogwira ndi manja: kusanja makadi a maphatikizo, kuwerenga timiyala, kuumba malembo ndi dongo, kuyeza khonde ndi mapazi. Inu khalani pansi pafupi ndi gulu limodzi, foni ili pa mwendo, osalankhula. Nchito ikawakoka adzakuiwalani. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Nthawi yabwino imafika pamene wina akufotokozera mnzake, pamene awiri agwira cinthu cimodzi, pamene yankho langopezeka. Mawu oti "yang'ana kuno" asatuluke pakamwa panu.

Wolemba pambali uja ali ndi nchito ina yofunika. Diso la wojambula limakonda mwana wowala nkhope, wovala bwino, woyankha kawirikawiri. Mukapanda kusamala mudzapeza kuti ana asanu okhaokha ndiwo ali pa cipupa, ndipo pa zithunzi zanu anyamata ndiwo akulemba pamene atsikana akungoonerera. Sungani mndandanda, kuti pakutha pa caka mwana aliyense wololedwa akhale ataonekapo akucita cinthu camphamvu, kuphatikizapo wofatsa wa kumbuyo uja ndi mwana wolumala. Kwa mwana amene makolo ake adakana nkhope, mungathe kuwapempha ngati angalole cithunzi ca manja okha akulemba. Akakananso, mpatseni udindo wina, monga kulemba ciganizo ca pansi pa cithunzi.

Kucoka pa cithunzi kufika pa phunziro

Cithunzi cokhala m'foni sicinayambe kugwira nchito. Galasi la foni ndi laling'ono, ndipo kalasi yonse ikaunjikana pa ilo phunziro limasanduka mkangano. Sindikizani pa pepala la A4, ngakhale lopanda mitundu, mukapita ku boma kapena kumene kuli makina okopera mapepala. Khalani pomwepo posindikiza, ndipo onetsetsani kuti zithunzizo zafufutidwa pa kompyuta ya mwini malowo. Matani pepalalo pa katoni n'kulikuta ndi pulasitiki yoonekera, kuti lipirire manja ndi cinyezi ca dzinja.

M'kalasi, yambani ndi mafunso otseguka: "Mukuona ciyani? Akucita ciyani? Mwadziwa bwanji? Cidacitika n'ciyani izi zisadacitike?" Ana amene ali pacithunzipo alankhule pomaliza, kuti atsimikize kapena kutsutsa zimene anzawo aganiza. Kenaka kalasi igwirizane ziganizo ziwiri kapena zitatu, inu muzilembe pa bolodi monga momwe anawo anenera, mukuchula phatikizo lililonse polemba. Tiyerekeze kuti agwirizana cakuti, "Ana akugawana cimanga." Awerenge pamodzi, awerenge mmodzimmodzi, apeze mawu oyamba ndi "ci", adule "a-ku-ga-wa-na" m'maphatikizo, asinthe ciganizoco kuti cinene za dzulo ndi za mawa. Ngati mwana wanena mawu a kwawo osiyana ndi a m'buku, monga zimacitikira pakati pa ana a ku Angónia ndi a m'mbali mwa nyanja ku Niassa, alembeni onse awiri ndipo mukambirane. Pamenepo mwana amaphunzira kuti kalankhulidwe ka agogo ake kali ndi malo pa bolodi.

Pa phunziro la Cipwitikizi colankhula, bweretsaninso cithunzi comweco. Popeza anawo akudziwa kale zonse zimene zikucitikamo, mutu wawo umangolimbana ndi mawu atsopano. Mukafunsa kuti, "O que é que a menina está a fazer?" yankho loti "Está a contar" limakhala ndi pokhazikika. Umu ndi mmene cilankhulo coyamba cimanyamulira caciwiri, ndipo pepala limodzi lagwira nchito kawiri. Zithunzi khumi zoterozi, zitasokedwa pamodzi ndi ziganizo zake, ndi buku loyamba la kalasi yanu.

Zimene otsutsa amanena

Mnzanga wina pa nchito amati zonsezi n'zapamwamba, mphunzitsi wa ana osefukira m'kalasi, wa malipiro ocedwa, alibe nthawi kapena ndalama zosindikizira. Ali ndi mfundo. Yankho langa n'lakuti sindikupempha zithunzi za tsiku lililonse. Zitatu kapena zinayi pa gawo la caka n'zokwanira, ndipo cimodzi cingagwire nchito sabata yathunthu. Ndiponso mphunzitsi asajambule pamene iye mwini akuphunzitsa. Apangane ndi mnzake wa kalasi ina kuti azijambulirana, monga momwe mukuyeserera pano. Foni yotulutsidwa pa nthawi yoikika, aphunzitsi aakulu akudziwa, ndi yosiyana ndi foni imene imaba maso a mphunzitsi pakati pa phunziro.

Ena amati kujambula ndi dzanja n'kokwanira, ndipo kulibe ngozi. N'zoona kuti mphunzitsi wodziwa kujambula ndi pensulo ali ndi cuma, ndipo kumene kulibe foni kapena makolo akana, njira ndi imeneyo. Ana nawonso azijambula okha. Koma cojambula ca pamanja cimaonetsa mwana aliyense, pamene cithunzi cimaonetsa mwana uyu, pa tsiku lakuti, akucita cakuti. Mtsutso wa njere za cimanga uja udabuka cifukwa anawo ankadziwa kuti zidacitikadi.

Kutsutsa kumene ndimakulemekeza kwambiri ndi kwa makolo. Kwathu kuno kujambulitsa ndi mwambo. Munthu amasamba, amadzola, amavala zabwino, amaima mowongoka, cifukwa cithunzi cidzakhala pa cipupa ca nyumba ndipo adzaciona ndi adzukulu. Kholo likamafuna kuti mwana wake aime njo atavala yunifolomu yoyera, likuteteza ulemu wa banja, ndipo mayi uja adandiphunzitsa kuti ulemu umenewo si wosewera nawo. Conco cithunzi ca mzere cisathe. Cijambuleni pa tsiku lake, mokonzekera, ndipo makolo ofuna acitenge. Koma afotokozereni kuti pali cithunzi ca cikumbutso ndi cithunzi cophunzitsira, ndipo caciwirico cimafuna mwana ali pa nchito monga mlimi amaonekera bwino ali ndi khasu m'manja. Zithunzi zikasindikizidwa, makolo aziona coyamba zisadakwere pa cipupa, ndipo ali ndi ufulu wonena kuti ici ayi. Pa misonkhano imene ndakhalapo, makolo ambiri akaona mwana wawo akufotokozera anzake amapempha kuti pakutha pa caka pepalalo lidzapite kunyumba. Ndi kumene liyenera kuthera.

Pamene mukupita kukayesera kuphunzitsa, ndikukupemphani zinthu zitatu zoti mudzabwere nazo: mndandanda wa makolo amene mudawafunsa, cithunzi cimodzi cosindikizidwa ca ana ali pa nchito m'gulu, ndi ziganizo zimene anawo adanena ataciona, zolembedwa monga adazinenera. Tidzazipacika m'cipinda cathu cino kwa tsiku limodzi, tidzawerenga aneni amene cithunzi ciliconse cidabala, kenaka aliyense adzabweza cake ku sukulu imene adacitenga. Amene adzabwere wopanda cithunzi cifukwa makolo adakana, ndipo iye adamvera, adzakhala atakhoza mofanana ndi anzake. Mwana wa mnzako ngwako yemwe, ndipo ana amene mukukawajambulawo ali ndi amayi awo amene adzakufunsani.